Makina Aonetsa Nsomba, Koma Sabala Nsomba

Kuyambira caka ca 2024, pamene cilala cinaocha cimanga m'minda kufikira Mtsogoleri wa dziko lino, Bambo Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lagwa m'tsoka, anthu a m'boma lino la Chongwe akhala alikufunafuna njira zina zopezera ndalama kuonjezera pa khasu. Ena akumba maiwe oweteramo nsomba, ena ayamba malonda a kapenta pa misika, ndipo ena, makamaka amene analandira ndalama zao zopumira pa nchito ndi amene asonkha pamodzi m'magulu, aponya maso ku Siavonga ndi ku Luangwa ndi colinga cakuti akhale ndi boti laolao. Ici ndi cinthu coyamikika, pakuti dziko litukuka ndi anthu osakhala manja lende.

Koma munthu akangogula boti, asanapume nkomwe, aphungu aculuka. Wina amuuza kuti boti lopanda GPS ndi fish finder lili ngati ngolo yopanda ng'ombe. Wina amtumizira pa foni cithunzi ca makina a galasi lalikulu loonetsa nsomba za maanga-maanga, namuuza kuti akagula amenewo adzasowa poika matumba a kapenta. Makina amenewa acokera kunja, mtengo wace utsata dola, ndipo ndalama zogulira ndi thukuta la zaka zambiri. Ncifukwa cace nkoyenera kuti tikambirane nkhaniyi pa tsamba lino.

Ganizo langa ndi ili. Makina awa ngabwino, ndipo pa madzi akulu ngofunika ndithu. Koma nchito yace yeni-yeni ndiyo kusunga moyo wa anchito, kusunga boti ndi kusunga cilolezo ca usodzi. Munthu wogula ndi mtima umenewu adzasankha kanthu kakang'ono, kolimba, kosabvuta kuwerenga, ndipo ndalama zace zidzabwera. Wogula ndi ciyembekezo cakuti makina adzabweza nsomba zimene zacepa m'nyanja adzathamangira a mtengo wapatali, nadzalira pambuyo pace.

YAMBANI MWAFUNSA MADZI

Musanafunse dzina la makina, dzifunseni kuti boti lanu lidzayenda pa madzi otani. Kuno kwathu tili ndi mtsinje wa Chongwe ndi timitsinje tothiramo monga Ngwerere, Kanakantapa ndi Chalimbana. Tonse tidziwa m'mene damu la Chongwe liphwerera m'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, ndi kuti pa zaka zina za cilala lauma kufikira anthu a m'tauni nkumayembekeza madzi obwera ndi magalimoto a matanki. Pa madzi otere, ndiponso pa madamu a m'mafamu, nsungwi yaitali yodulidwa mizere kapena cingwe comangirira mwala zikwanira kupima kuya. Mwini bwato amene aona gombe tsidya lino ndi tsidya lija sangasocere. Wa sitolo akakuuzani kuti mufunika makina a masetilaiti kuti mugwire milamba pa damu la famu, dziwani kuti maso ace ali pa thumba lanu.

Nkhani isintha mukafika ku Kariba, ulendo wa makilomita pafupi-fupi 200 kucokera ku Lusaka. Cipupa ca damu limeneli cinatha kumangidwa mu 1959 ndipo nyanja inadzala mu 1963. Kukula kwace kupitirira masikweya kilomita 5,000, ndipo pozama kwambiri pafika mamita 97. Usodzi wa kapenta ucitika usiku, kutali ndi gombe, pa maboti a zitsulo amene asodzi awacha marigi. Ayatsa nyali zokopa nsomba, natsitsa ukonde wozungulira pansi pa madzi, ndipo kapenta akasonkhana pa kuwala aukweza ndi winchi. Pa nchito yotere nsungwi ilibe mphamvu, ndipo maso a munthu saona kanthu koma nyali za marigi ena. Kumeneko ndiko makina awiriwa ayamba kukhala ndi tanthauzo.

M'MENE AGWIRIRA NCHITO

Anthu ambiri asokoneza makina awiriwa cifukwa masiku ano kawiri-kawiri agulitsidwa m'bokosi limodzi, koma nchito zace nzosiyana. GPS iyankha funso lakuti ndili pati. Imvera masetilaiti a dziko la America amene azungulira kumwamba pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 20,200, ndipo ikamva anai kapena oposerapo iwerengera malo amene boti lili, kuphonya kwace nkukhala kwa mamita owerengeka cabe. Kale boma la America linali kusokoneza dala cizindikiro copita kwa anthu wamba, koma linaleka m'mwezi wa Meyi 2000. Makina ambiri a tsopano amveranso masetilaiti a Russia, a Ulaya ndi a China. Kumvera kumeneku nkwaulere: sikufuna thokotaimu kapena netiweki ya foni.

Makina opimira kuya, amene ogulitsa awacha echo sounder kapena fish finder, ayankha funso lakuti pansi panga pali ciani. Ali ndi kacipangizo komangidwa pansi pa boti, kochedwa transducer, kamene kali ngati pakamwa ndi khutu pamodzi. Kaponya mau oonda osamveka kwa munthu, mauwo nagunda pansi nabwerera, monga m'mene mau abwererera munthu akafuula m'phanga. Mau ayenda m'madzi mamita pafupi-fupi 1,500 pa sekondi imodzi. Cotero pa madzi a mamita 30, ulendo wopita ndi kubwera utenga gawo limodzi la magawo 25 a sekondi, ndipo makina awerengera kuya kucokera pa nthawi imeneyo. Ciri conse cokhala pakati, kaya gulu la nsomba kaya nthambi ya mtengo, naco cibweza mau ndi kuoneka pa galasi. Nzeru imeneyi si ya dzulo iai: abale awiri a banja la Furuno a ku Nagasaki, m'dziko la Japan, anayamba kugulitsa makina otere kwa asodzi mu 1948.

KUYA KWA MADZI NDIKO KOYAMBA

Ngati ndalama zikwanira cimodzi cokha, mwini rigi ayambe ndi makina opimira kuya, ndipo zifukwa zace zilipo zitatu.

Coyamba ndi lamulo. Kapenta wa ku Kariba anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za 1967 ndi 1968, ndipo ana ace akulira m'madzi osaya a m'mbali mwa nyanja asanapite pakati. Ncifukwa cace pakati pa malamulo a usodzi wa kapenta pa nyanjayi pali lakuti marigi asagwire nchito pa madzi osafika mamita 20 kuya ndiponso pa mathiriro a mitsinje. Usiku wa mdima munthu sangasiyanitse ndi maso madzi a mamita 15 ndi a mamita 25. Nambala ya pa galasi ndiyo imuuza, ndipo ndiyo imcotsera cowiringula cakuti sanadziwe. Cilolezo cimene mupatsidwa motsata Lamulo la za Nsomba la nambala 22 la caka ca 2011 ndi cuma coposa makina ali onse, ndipo nkupusa kuciika pa ciswe cifukwa ca kapenta wakhanda amene ngakhale pa msika sakoma.

Caciwiri ndi mitengo ya pansi pa madzi. Nyanja ya Kariba inamiza cigwa ca Gwembe, kumene anthu a Citonga okwana pafupi-fupi 57,000 anasamutsidwa. Madzi asanabwere, gawo locepa cabe la chire linalambulidwa. Kwina konse mitengo ya mopane iciimirire pansi pa madzi kufikira lero, youma gwaa ngati citsulo. Ukonde wa rigi ukakola pa mtengo wotere ung'ambika, ndipo nangula akakola pamafunika kudula cingwe. Mtengo umodzi wosaoneka ungathe kudya phindu la mwezi wathunthu.

Cacitatu ndico cakuti nyanja ikwera ndi kutsika. Bungwe la Zambezi River Authority lisunga madzi opangira magetsi pakati pa mamita 475.50 ndi mamita 488.50 pamwamba pa nyanja yamcere, ndiko kunena kusiyana kwa mamita 13. Kumapeto kwa 2024 madzi anatsika kufikira pafupi ndi mzere wa pansi, ndipo tonse tikumbukira mdima umene unagwa m'nyumba zathu. Tsono malo amene ali a mamita 30 pamene nyanja yadzala atsala ndi mamita 17 kapena 18 pa caka cotere. Malo ndi omwewo, GPS idzakufikitsani pomwepo, koma madzi asanduka oletsedwa, ndipo mitengo imene inali kutali pansi yayandikira ukonde. Mapu ndi cikumbumtima ca woyendetsa boti zikamba za caka catha. Makina opimira kuya akamba za usiku uno.

GPS NDI MALIRE OSAONEKA

Izi sizitanthauza kuti GPS ndi cidole. Malire a Zambia ndi Zimbabwe adutsa pakati pa nyanja, popanda mpanda kapena cikwangwani. Mphepo ikaomba usiku rigi ikokeka pang'ono-pang'ono, ndipo anchito azindikira kutaca kuti ali m'dziko la eni. Nkhani za marigi ogwidwa tsidya lija, anchito otsekeredwa ndi eni ace olipitsidwa ndalama zambiri sizacilendo kwa ali yense wokhala ku Siavonga kapena ku Sinazongwe. Woyendetsa amene waika zizindikiro za malire m'makina ace aona pa galasi pamene ayandikira. Koma ndikucenjezeni: mzere wa malire wa pa mapu a m'foni suyenera kukhulupiridwa kufikira pa mita yomaliza. Funsani a Dipatimenti ya za Nsomba a ku doko lanu, ndipo siyani danga lalikulu pakati pa boti ndi malire.

GPS isunganso malo a doko, malo a miyala ndi mitengo yoopsa, ndi mzere wa njira yonse imene boti layenda. Mkuntho ukabuka, nyali za kumtunda nkubisika, mzere umenewo ndiwo ubweza anthu kwao. Injini ikafa, woyendetsa angathe kuwerengera anzace manambala a malo pa foni m'malo monena kuti tili pafupi ndi cisumbu, pamene zisumbu zili zambiri.

Pano pali cinthu cimene eni maboti okhala kuno ku Chongwe ayenera kumvetsa. GPS imva cabe, siilankhula. Kugula makinawa sikutanthauza kuti mudzaona boti lanu muli khale pa khonde ku Kanakantapa. Cimene cicita zimenezo ndi kacipangizo kena kochedwa tracker, kokhala ndi SIM khadi, kamene kafuna netiweki ndi malipiro a mwezi ndi mwezi. Mwini boti angathe kuwerenga mzere wa njira akapita yekha ku doko, ndipo nkwabwino kutero, pakuti madandaulo a nsomba zogulitsidwa pakati pa nyanja usiku amveka kawiri-kawiri. Komabe makina sangalowe m'malo mwa malipiro oyenera operekedwa pa nthawi yace. Wanchito wanjala adzapeza njira yozimitsira ciri conse.

Dziwaninso kuti foni ya masiku ano ili nayo GPS m'kati mwace, ndipo mapu angasungidwe m'menemo kuti agwire nchito popanda netiweki. Kwa munthu woyamba kumene, foni yoikidwa m'kathumba kosalowa madzi ingathandize kwa kanthawi. Kufooka kwace nkwakuti batire litha msanga, iopa madzi, ndipo ndi foni yomweyo imene mufunika kuitanira cithandizo. Ncifukwa cace ndinena kuti makina opimira kuya ayambe, pakuti alibe cowalowera m'malo, pamene GPS ili naco.

Kwa a ku Luangwa, kumene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi ndipo maiko atatu apenyana, Zumbo wa Mozambique uko ndi Kanyemba wa Zimbabwe uko, GPS ithandiza pa za malire, koma makina opimira kuya asakunyengeni. Ayang'ana pansi pa boti, sayang'ana kutsogolo. Pa mtsinje mcenga usamuka caka ndi caka, ndipo boti lothamanga lidzakhala litagunda kale nambala isanasinthe. Kumeneko maso a woyendetsa wodziwa kuwerenga nkhope ya madzi akali mfumu.

ZOFUNSA M'SITOLO

Akulu anati safunsa anadya phula. Mukalowa m'sitolo, yambani ndi nambala yolembedwa kHz. Makina ambiri alembedwa 200 kHz, ena 50 kHz, ena zonse ziwiri. Mau a 50 apita kutali pansi ndipo anapangidwira madzi ozama a m'nyanja zamcere. Mau a 200 aonetsa zinthu momveka bwino ndipo akwanira pa madzi onse amene rigi igwirapo nchito ku Kariba. Musalipire mphamvu yofika mamita 500 pansi pa nyanja imene siifika ngakhale mamita 100. Dziwaninso kuti makina aona kadera kocepa: pa madzi a mamita 30, makina wamba aona bwalo la mamita 10 kapena 11 m'mimba mwace. Saona nyanja yonse.

Funsani za mapu. Makina a Garmin, Lowrance ndi Humminbird ndi odziwika, koma ambiri ogulidwa kunja abwera ndi mapu a nyanja za ku America, ndipo mukawayatsa ku Siavonga muona galasi loyera ndi kadontho pakati. Uzani wogulitsa akuonetseni Kariba pa galasi musanatulutse ndalama. Ngati mulibe, si tsoka lalikulu, pakuti mungathe kuika zizindikiro zanu nokha, koma musalipire mtengo wa mapu amene simudzawagwiritsa nchito.

Funsani za madzi ndi magetsi. Cizindikiro ca IPX7 citanthauza kuti makina apirira kumira m'madzi a mita imodzi kwa mphindi 30. Opanda cizindikiro cotere sadzatha dzinja limodzi. Makinawa adya magetsi a mavoti 12, ndipo ang'ono-ang'ono adya pang'ono cabe, koma afunika batire laolao ndi fyuzi yace. Kuwalumikiza mwacisawawa ku jenereta ya nyali ndiyo njira yacidule yowaochera. Popeza nchito ndi ya usiku, galasi likhale lotheka kucepetsa kuwala, manambala akhale akulu, ndipo mabatani odina aposa galasi lokhudza ndi cala, pakuti manja a msodzi akhala onyowa ndi a mamba.

Funsani za transducer, cifukwa ndiko kamene kayamba kufa: cingwe ciduka, kapena kagunda mtengo. Kodi kena kapezeka m'dziko muno, ndipo pa mtengo wanji? Makina ochipa opanda dzina, amene zipangizo zace sizipezeka, ali ngati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pomanga, kacipangizoka kakhale pansi pa madzi nthawi zonse, kopenya pansi molunjika, kutali ndi thobvu la injini, popeza thobvu licititsa makina khungu. Tengani risiti ndi pepala la citsimikizo. Ndipo popita kukagula mutenge woyendetsa boti wanu, pakuti ndiye adzadina mabatani pakati pa usiku inu muli m'tulo.

Potsiriza werengani mtengo wace m'matumba a kapenta. Kodi makinawa, pamodzi ndi batire ndi womanga, alingana ndi matumba angati? Nanga ukonde umodzi wong'ambika ulingana ndi angati? Masamu amenewa munthu angawacite pa cikuto ca kope la mwana wa sukulu, ndipo ndiwo adzakuuzani poimira.

MAU A OTSUTSA

Alipo amene adzati makolo athu anapha nsomba zaka mazana popanda galasi. Nzoona, ndipo nzeru zao zikali zofunika. Koma makolo anali kupha pa mtsinje umene anabadwirapo, masana, pafupi ndi gombe. Nyanja ya Kariba ndi yopangidwa ndi anthu, kapenta ndi mlendo, ndipo wa ku Chongwe amene wagula rigi ndi mlendo koposa. Mlendo safunika kucita manyazi ndi ndodo yoyendera.

Ena adzati makina oonetsa nsomba ndiwo amaliza nsomba. Awa ali ndi mfundo yolemera, ndipo sitiyenera kuikankhira kumbali. Mu 1999 Zambia ndi Zimbabwe anasainirana pangano la kasamalidwe ka usodzi wa pa Kariba, ndipo ciwerengero ca marigi cimene akatswiri anaona kuti nyanja ingacipirire cinali 500 pa maiko onse awiri. M'zaka zotsatira marigi anaculuka kupitirira kutali ciwerengero cimeneco, makamaka ku mbali yathu ino, ndipo nsomba zogwidwa ndi rigi imodzi pa usiku umodzi zinatsika. Rigi iri yonse ikakhala ndi maso akuthwa, mphika ukhala womwewo, manja okha ndiwo afulumira. Woyamba kugula apindula kwa kanthawi, ndipo onse akagula abwerera pamene anali, atasenza ngongole ya makina.

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Makina omwewo amene angatsogolere munthu ku gulu la nsomba ndiwo amuuzanso kuti pano mposaya, coka, ana a nsomba akule. Cida ncimodzi, mtima wa mwini ndiwo usiyana. Ndipo munthu amene akali kuganiza zogula rigi yatsopano ayenera kuyamba wafunsa ku Dipatimenti ya za Nsomba ngati cilolezo cipezeka, asanaononge ngakhale ngwee imodzi pa citsulo kapena pa galasi.

COFUNIKA KUCITA

Ndipempha Unduna wa za Nsomba ndi Ziweto, kupyolera mu Dipatimenti yace ya ku Chilanga ndi sukulu ya za nsomba ya Kasaka ku Kafue, kuti ulimbikitse maphunziro afupi-afupi a oyendetsa maboti pa kawerengedwe ka makinawa, m'zinenero zimene iwo alankhula, ndiponso kuti manambala a malire ndi a malo oberekera nsomba apacikidwe poyera pa doko liri lonse. Lamulo limene munthu angalione pa galasi lace ndi losabvuta kulisunga, ndiponso ndi losabvuta kuweruza nalo. Magulu a asodzi nao angathe kugula pamodzi makina a mtundu umodzi, kuti zipangizo zibwerekanidwe ndi kuti mmisiri mmodzi aziwadziwa onse.

Kwa inu amai ndi abambo a m'boma lino amene mwaika cuma canu pa madzi, ndondomeko yace ikhale iyi: cilolezo coyamba, majekete oyandamitsa munthu okwanira wanchito ali yense caciwiri, makina opimira kuya cacitatu, GPS cacinai, ndipo pa zonsezi muonjezere tsiku limodzi lophunzitsa anyamata anu masana, pa madzi odikha, asanapite nazo mu mdima. Galasi lalikulu la maanga-maanga liyembekeze caka ca zokolola zambiri. Anyamata aja ali ndi makolo amene awayembekeza m'mawa uli wonse, ndipo kapenta amene mumsiya kuti akule m'madzi osaya caka cino ndiye ndiwo ya ana a ku Chongwe caka ca mawa.